Mukapeza kowerengera mbalame ka alenje akale a ku Britain: momwe mungakazindikirire ndi kukasamalira

M'misika ya zinthu zakale ku Britain, monga wa ku Newark m'chigawo cha Nottinghamshire kapena wa ku Ardingly ku Sussex, ngakhalenso m'misika ya Lamulungu imene anthu amayala katundu wa m'nyumba kumbuyo kwa galimoto, nthawi zina mumapezeka kachipangizo ka mkuwa kokwana m'dzanja. Kamakhala ndi timivi tozungulira pa manambala, ndipo pambali pake pamalembedwa mayina a mbalame ndi nyama: Pheasants, Partridges, Hares, Rabbits. Aka ndi kowerengera kamene mlenje ankaika m'thumba la jekete kuti asasokoneze chiwerengero cha zimene wawombera. Ochita malonda a zakale amakatchula kuti game counter, ndipo ka timivi tingapo amakonda kukatchula kuti Norfolk Liar. Mayina awiriwa ndi amene mungafufuzire pa intaneti.

Towerengera tambiri timawonongeka pa tsiku lomwe tagulidwa, chifukwa mwini watsopano amafuna kuti kawale asanakamvetse. Ntchito yaikulu ndi ya maso. Kupukuta kumabwera kumapeto, ndipo kumakhala kochepa kwambiri.

Kudziwa kumene kanachokera kumathandiza pa china chilichonse chotsatira. M'zaka za m'ma 1850 mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo zinayamba kulanda malo a mfuti za gogodela, ndipo munthu anayamba kuwombera kambirimbiri m'kanthawi kochepa. Kasakidwe kanasintha n'kukhala ngati uzimba: gulu la anthu aganyu linkaswa tchire kuwinga mbalame, pamene olemera asanu ndi atatu kapena kuposerapo ankaima pamzere n'kumadikira kuti ziwuluke pamwamba pawo, aliyense ali ndi wantchito womuikira zipolopolo mu mfuti yachiwiri. Ziwerengero zinafika poopsa. Pa 30 Ogasiti 1888, Lord Walsingham yekha anapha mbalame za grouse 1,070 pa Blubberhouses Moor ku Yorkshire. Pa 18 Disembala 1913, ku Hall Barn pafupi ndi Beaconsfield, gulu limene munali Mfumu George V linagwetsa mbalame za pheasant 3,937 tsiku limodzi. Lord Ripon analembetsa nyama ndi mbalame 556,813 pakati pa 1867 ndi 1923. Ine manambala amenewa sandisangalatsa ngakhale pang'ono, kunali kupha kopanda njala. Koma ndiwo anachititsa kuti kowerengera kafunike, ndipo tambiri timene mungakumane nato tinapangidwa m'nyengo imeneyo, kuyambira chakumapeto kwa ulamuliro wa Mfumukazi Victoria mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe.

Choyamba: kajambuleni musanakagwiregwire

Kaikeni pa nsalu yoyera pafupi ndi windo, mujambule kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi chilembo chilichonse, rula ili pambali. Timivi tisiyeni pamene tili mpaka mutajambula. Ngati kabwera ndi kachikwama ka chikopa, kabokosi kapena kapepala, zonsezo zijambuleni pamodzi ndipo musataye kanthu.

Chachiwiri: tsimikizani kuti ndi ka alenjedi

Pa tebulo limodzi pamasakanikirana zinthu zofanana maonekedwe koma zosiyana ntchito, ndipo ogulitsa ena sazisiyanitsa.

Kowerengera kenikeni ka mlenje kamakhala ndi malo angapo owerengera, aliwonse ndi dzina lake. Kupatula mayina anayi aja mungaone Grouse, Woodcock, Snipe kapena Various, kutanthauza zina zonse zosatchulidwa. Tina ndi tafulati ta makona anayi, tina tozungulira tokhala ndi kamphete komangira tcheni, ndipo tina tinkazikidwa m'thabwa la mfuti momwemo. Mtundu wachiwiri ndi wodinikiza ndi chala chachikulu, wa manambala anayi ofika 9999, umene woyang'anira nkhalango amawerengera kulira kwa mfuti kuti afananize zipolopolo zimene zatha ndi mbalame zimene zatoledwa. Umenewu ukugwirabe ntchito mpaka lero. Makampani monga Veeder-Root ya ku Hartford ku America ndi ENM ya ku Enfield anapanga tambirimbiri, ndipo tinkagwiranso ntchito pa zipata za mabwalo a mpira ndi m'mafakitale, choncho kodinikiza kopanda umboni wina simungakatchule kuti n'ka alenje.

Mukaona kabokosi ka siliva kokhala ndi timitengo tosongoka ta manambala kuyambira 1 mpaka 8 kapena 10, kameneko si kowerengera. Ndi ka maere. Alenje ankasolola kamtengo kamodzikamodzi m'mawa kuti adziwe malo oima pamzere, kenaka n'kumasuntha malo paulendo uliwonse wowinga mbalame. Amakatchula kuti butt marker kapena place finder, ndipo kampani ya Sampson Mordan ya ku London inapanga tambiri tokongola. Kathabwa kokhala ndi timalilime totukula, kopanda dzina la nyama, kawirikawiri n'ka juga ya makhadi yotchedwa whist. Ka manambala a makumi, mazana ndi zikwi n'ka masewera ena a makhadi otchedwa bezique. Kothera pa 6 n'ka woimbira masewera a cricket.

Chachitatu: dziwani chitsulo chake

Tengani maginito yaing'ono. Mkuwa ndi siliva sizikokedwa. Ikakoka pang'ono pamalo amodzi, ndiye kuti pansi pake pali sipuling'i yachitsulo, zimene zili bwino. Ikamata thupi lonse, kameneko n'kachitsulo wamba kokutidwa.

Kakakhala koyera, funafunani zidindo ndi galasi lokuzira zinthu. Siliva weniweni woyesedwa ku England amakhala ndi kamkango koyenda, kusonyeza kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva. Pambali pake pamakhala chizindikiro cha mzinda umene anayeserako: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, chisoti chachifumu ndi Sheffield mpaka 1974, mitolo itatu ya tirigu ndi lupanga ndi Chester, imene ofesi yake inatsekedwa mu 1962. Wa ku Edinburgh amakhala ndi nyumba ya malinga. Kenaka pamabwera chilembo cha chaka, ndipo apa ndi pamene anthu amaphonya. Chaka cha 1975 chisanafike, mzinda uliwonse unali ndi ndondomeko yakeyake ya zilembo. Mu 1900 Birmingham inkadinda a wamng'ono pamene London inkadinda e wamng'ono. Choncho yambani mwadziwa mzinda, kenaka mufananize chilembocho, kalembedwe kake ndi mpanda wochizungulira pa ndandanda ya mzinda womwewo. Mukaonanso kamutu ka mfumu kapena mfumukazi, kawirikawiri chimakhala chidindo cha msonkho chimene chinathetsedwa mu 1890, koma tsimikizani ndi chilembo cha chaka, chifukwa timitu totere tinadindidwanso pa zikondwerero za ufumu, monga mu 1935, 1953 ndi 1977.

Zilembo za EPNS kapena EP zimasonyeza kuti siliva angokutira pamwamba. Makampani ena ankadinda timabokosi tinayi kapena tisanu tooneka ngati zidindo za boma pa zinthu zokutirazi. Popanda kamkango, musalipire mtengo wa siliva wa ku England.

Chachinayi: werengani manambala ndi mayina

Towerengera tambiri ndi ta mkuwa, topanda zidindo za siliva, koma timanenabe zaka zake. Chizindikiro cha ngodya zinayi chooneka ngati dayamondi, chokhala ndi Rd pakati, chinkagwiritsidwa ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. Kuyambira 1884 anayamba kungolemba Rd No ndi nambala, kuyambira pa 1, ndipo pofika kuchiyambi kwa 1900 manambalawo anali atadutsa 350,000. Nambalayi imanena chaka chimene kapangidwe kake kanalembetsedwa, osati chimene kanu kanasulidwa, popeza kampani inkatha kupitiriza mtundu womwewo kwa zaka zambiri.

Nambala ya Patent, chiphaso choteteza chinthu chimene munthu watulukira kuti ena asachikopere, ndi yovutirapo. Pakati pa 1852 ndi 1915 manambalawa ankayambiranso pa 1 chaka chilichonse, ndiye nambala yokha popanda chaka siikuuzani zambiri. Kuyambira 1916 anayamba kuwerenga mosalekeza kuchokera pa 100,001.

Dzina limene lili pachipangizo nthawi zambiri ndi la sitolo imene inagulitsa, osati la wosula. Zipangizo zambiri za alenje zinkapangidwa ku Sheffield ndi ku Birmingham, m'makampani monga James Dixon & Sons, amene chizindikiro chawo ndi lipenga lokhala ndi kambendera, ndi G. & J.W. Hawksley. Masitolo a ku London ankaoda n'kulembapo mayina awo. Mayinawo amathandizabe. Dzina la Holland & Holland linayamba mu 1876, choncho chinthu cholembedwa choncho sichingakhale cha m'mbuyo mwa chakacho. Army & Navy Co-operative Society inakhazikitsidwa mu 1871. Adiresi ya South Audley Street ya kampani ya mfuti ya Purdey ndi ya kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, chifukwa m'mbuyomo anali ku Oxford Street.

Chachisanu: mbali zoyera, ndipo apa musafulumire

Nkhope ya manambala, timitengo ta maere kapena timalilime zikakhala zoyera mopita kuchikasu, zingakhale mnyanga wa njovu, fupa, kapena pulasitiki yakale yotchedwa celluloid imene ogulitsa amaitchulanso ivorine. Muyenera kudziwa musanatulutse ndalama.

Yang'anani ndi galasi kumapeto kwa chidutswacho, pamene chinadulidwa. Mnyanga wa njovu umaonetsa timizere topingasana, topanga timakona ting'onoting'ono. Fupa limakhala ndi timadontho ndi timikwasa takuda, momwe munkadutsa mitsempha ya magazi. Celluloid imakhala ndi mizere yowongoka yotalikirana mofanana ndendende, chifukwa inkapangidwa posanjikiza timapepala, ndipo mukaifikisa ndi chala mpaka itafunda imatulutsa kafungo ka camphor. Ena amalangiza kuboola ndi singano yamoto. Musayese. Mnyanga umatsala ndi chipsera chosatha, ndipo celluloid imayaka mwamsanga ngati yathiridwa palafini.

Ku Britain lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 6 Juni 2022, limaletsa kugula ndi kugulitsa zinthu za mnyanga, ngakhale zakale. Wogula naye amalakwa, osati wogulitsa yekha. Chilango chimafika mapaundi 250,000 kapena zaka 5 m'ndende. Mpata umene ungakhudze towerengera ndi umodzi: chinthucho chikhale chopangidwa 1947 isanafike, mnyangawo usafike magawo 10 pa 100 a kukula kwa chinthu chonse, ukhale woti sungachotsedwe popanda kuvutika kapena kuwononga chinthucho, ndipo chikhale cholembetsedwa ku Animal and Plant Health Agency. Wogulitsa akuonetseni nambala ya kulembetsako. Timitengo ta maere timafuna kufunsa mosamala kwambiri, poti timasololoka tokha. Kusunga chimene muli nacho kale, kulandira monga mphatso kapena cholowa, lamulo silikaniza.

Kuwoloka nacho malire ndi nkhani ina. Malonda a mnyanga pakati pa mayiko analetsedwa ndi pangano la CITES mu 1989, ndipo ngakhale chinthu chakale chimafuna chilolezo kuti chituluke. Ku Malawi, lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, mlandu wa mnyanga umatha kufikitsa munthu zaka 30 m'ndende. Amene muli ku Britain ndipo mukuganiza zotengera kamphatso kumudzi, kanthu kalikonse kokayikitsa kasiyeni. Wapolisi wa pabwalo la ndege sadzayamba ndi kufunsa chaka chimene kanapangidwa.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchilambalala. Mnyanga wambiri umene unkasemedwa ku Sheffield ndi ku London m'zaka za m'ma 1800 unkachokera ku Africa, ndipo njira imodzi yaikulu inkadutsa pa Nkhotakota, kwa a Jumbe, kuwoloka nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar, m'maulendo omwewo amene ankatenga akapolo. Palibe angakuuzeni njovu imene kachidutswa kanu kanachokera. Koma ine ndikapeza tiwiri tofanana, kena ka mnyanga kena ka mkuwa wokhawokha, ndimasankha ka mkuwa.

Chachisanu ndi chimodzi: onani momwe kanaperesekera

Towerengera tatsopano tikupangidwabe, ndipo palibe cholakwika mpaka wina atakadetsa dala kuti kaoneke kakale. Chinthu chimene chinagwiradi ntchito chimapereseka mosafanana. Pamene pankakhudza chala chachikulu pamasalala ndi kuwala, m'makona mumakhala mwakuda. Kamuvi ka Pheasants kapena Rabbits kamakhala kolobodoka kusiyana ndi ka Woodcock, chifukwa mbalame imeneyo inkagwa mwa apo ndi apo. Kachipangizo kakakhala kakuda mofanana ponseponse, timivi tonse tolimba chimodzimodzi, kayikirani. Zilembo zogoba ndi dzanja zimasiyana kuya ndipo zimasongoka kumapeto, pamene za makina amakono zimafanana kuya paliponse ndipo pansi pake pamakhala pokhakhala. Sikuluwu ya mutu wa mtanda inayamba m'zaka za m'ma 1930, ndiye siingakhale yoyambirira pa chinthu cha nthawi ya Victoria.

Mawu ogobedwa otchula malo osakira otchuka ngati Sandringham, Holkham kapena Elveden amakweza mtengo, n'chifukwa chake ena amawawonjezera. Ngati pali tsiku la kusaka, liyeseni ndi lamulo. Game Act ya 1831 inaika nyengo ku England ndi Wales: grouse kuyambira 12 Ogasiti mpaka 10 Disembala, partridge, mbalame ya mtundu wa nkhwali, kuyambira 1 Seputembala mpaka 1 Febuluwale, pheasant kuyambira 1 Okutobala mpaka 1 Febuluwale, ndipo inaletsa kusaka mbalamezi Lamulungu ndi pa Khirisimasi. Fufuzani pa kalendala ya chakacho kuti tsikulo linali lachingati. Mawu onena za pheasant 200 mu Julayi, kapena pa tsiku la Lamulungu, ndi okayikitsa. Tsiku la mphatso, monga la ukwati kapena lobadwa, lingakhale lililonse.

Chachisanu ndi chiwiri: kuyeretsa

Phulusa, mchenga, sitiliwulu, mandimu ndi mchere, mankhwala otsukira mano, zonsezi zikhale kutali. Zimadya zilembo, zimachotsa utoto wakuda wa m'manambala, ndipo pa EPNS zimafikitsa msanga pa chitsulo cha pansi. Brasso nayenso musamuyandikize: amakwecha, amasiya zoyera m'ming'alu, ndipo ammonia amene ali m'mankhwala ambiri opukutira amang'alula mkuwa wopyapyala. Musakaviike m'madzi kapena m'mankhwala oviikamo siliva, chifukwa madziwo amalowa mkati n'kudyetsa sipuling'i dzimbiri.

Yambani ndi kaburashi kofewa kouma kuchotsa fumbi. Litsiro la m'makona litokoseni ndi chotokosera m'mano cha mtengo, osati singano. Zobiriwira zonata zimene zimamera pamene mkuwa unakhudzana ndi chikopa zichotseni ndi kamtengo komweko, mutavala magolovesi. Mafuta akale achotseni ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti, mukuyesa kaye pakona yakumbuyo. Utoto kapena vanishi zikayamba kutsatira thonje, lekani pomwepo. Mankhwalawa asakhudze mnyanga, fupa, celluloid kapena pepala. Zimenezo burashi youma ikwanira. Siliva mupukuteni mopepuka ndi kansalu kopukutira siliva, chala chili pa zidindo kuti zisafufutike. Mkuwa wakuda mofiirira usiyeni choncho, ndiwo mtundu umene ogula odziwa amafuna. Pomaliza pakani phula lochepetsetsa la mtundu wa Renaissance Wax, limene linakonzedwa ndi akatswiri a ku British Museum, mulisiye liume, kenaka mupukute ndi nsalu ya thonje.

Chachisanu ndi chitatu: timivi tikakana kuyenda

Musakakamize. Timivi tambiri timagwidwa ndi kasipuling'i kamene kamagwera m'timano kuti kamuvi kasasunthe kokha m'thumba, ndipo kasipuling'iko kakathyoka simupeza kena m'sitolo. Tengani mafuta a wotchi pansonga ya singano, muike kadontho kamodzi pa tsinde la kamuvi, mudikire mpaka mawa, kenaka muyese kusuntha pang'onopang'ono uku ndi uku. Mafuta opopera ngati WD-40 amafalikira ponseponse n'kudetsa nkhope ya manambala, ndipo ophikira amauma n'kumata. Ka mtundu wodinikiza kabwezeni pa ziro pozunguza kachitsulo ka pambali mbali yokhayo imene kakuvomera.

Kakakhala komangidwa ndi misomali yofinya, sikanapangidwe kuti kazitsegulidwa. Kakakhala ka masikuluwu ndipo simunatsegulepo wotchi, kapititseni kwa wokonza mawotchi. Bungwe la British Horological Institute, limene lili ku Upton Hall pafupi ndi Newark, lili ndi mndandanda wa amisiri ovomerezeka. Muuzeni mmisiri momveka kuti akonze kayendedwe kokha, asapukute kunja, ndipo chilichonse chimene wachotsa akubwezereni m'kathumba.

Chomaliza: kasungidwe ndi zolemba

Katulutseni m'kachikwama ka chikopa, muzisunge moyandikana koma zosakhudzana. Kakulungeni m'pepala lopanda asidi kapena m'nsalu ya thonje yochapa. Labala, nsalu ya ubweya ndi nyuzipepala zimadetsa siliva. Mnyanga ndi fupa zimang'aluka pafupi ndi chotenthetsera nyumba kapena pawindo la dzuwa. Celluloid isungeni payokha pamalo opita mphepo, chifukwa ikayamba kuwola imatulutsa mpweya wa asidi umene umadya zitsulo zoyandikana nayo.

Lembani pa kakhadi kumene munakapeza, tsiku, mtengo, zidindo zimene mwawerenga ndi chilichonse chimene mwakachita. Kakabwera ndi buku la kusaka kapena timakhadi ta tsiku ndi tsiku timene alenje ankapatsidwa madzulo, musazilekanitse, chifukwa umboni wa mwini wake uli m'menemo. Powerenga mabukuwo kumbukirani kuti grouse ndi partridge zimawerengedwa ziwiriziwiri, ndipo mawu ake ndi brace: mbalame 1,070 za Lord Walsingham zija ndi 535 brace. Akalulu ndi nyama zina zimawerengedwa imodziimodzi.

Mukafuna kugulitsa, tumizani zithunzi zija ndi kakhadiko ku kampani ya okushoni yodziwa za mfuti ndi zipangizo za alenje, monga Holts ya ku Wolferton m'chigawo cha Norfolk. Nenani poyera ngati mukuganiza kuti pali mnyanga, ngati sikuluwu ina inasinthidwa, ndiponso ngati mmisiri anakatsegulapo. Afunseni mtengo umene akuyembekezera ndi gawo limene adzadule, akulembereni musanatumize katunduyo.